Mwapeza ntchito ya uphunzitsi ku England: mukakhala kuti?

Kalata ya ntchito yafika, visa yatuluka, achibale ayamba kale kukutchulani kuti "a ku UK". Chatsala ndi pogona, nkhani yomwe ambirife timaisiyira kumapeto. Ine ndimaphunzitsa masamu pa sekondale ina ku Greater Manchester, ndipo nyumba yomwe ndikukhala panoyi ndi yachitatu. Ziwiri zoyambazo ndinazisankha ngati munthu wothawa mvula, yemwe khonde lililonse limamukomera. Zomwe ndalemba pano ndi za ku England kokha. Ku Scotland, Wales ndi Northern Ireland malamulo a lendi ndi ena, choncho ngati sukulu yanu ili ku Glasgow kapena ku Cardiff, tengani nzeru za kasankhidwe ka dera, koma za malamulo mukafunse komweko.

Musalipire nyumba mudakali kumudzi

Ndikudziwa mmene mtima umakhalira. Ulendo watsala milungu iwiri, ndipo mukufuna kukatsika ndege mukudziwa khomo lomwe mukagogode. Akuba nawonso akudziwa zimenezo. Amatenga zithunzi za nyumba ya eni ake, n'kuziika pa Facebook pa mtengo wokoma, ndipo mukawalembera amati ali kunja kwa dziko, mutumize dipoziti kuti akutumizireni makiyi. Mukatumiza, nambala ija imazima.

Chochita n'chakuti mupeze pogona pa kanthawi, milungu itatu kapena inayi. Poyambira ndi kusukulu komwe kwakulembani ntchito. Lemberani ahedi kapena a ku ofesi yoona za antchito, muwafunse ngati pali mphunzitsi amene ali ndi chipinda chapadera, kapena ngati akudziwa komwe aphunzitsi ena ochokera kunja anafikira. Musachite manyazi, funsoli analimvapo kale. Kukakanika kumeneko, pali achibale, a kumpingo, kapena chipinda cha pa Airbnb. N'zoona kuti mwezi umenewu mulipira mokwerako, koma ndalama imeneyo ikukugulirani mpata woona ndi maso anu. Ngati visa ikulola, fikani mu Ogasiti, sukulu zisanatsegulidwe kumayambiriro a Sepitembala, chifukwa teremu ikayamba nthawi yoyendera nyumba imangotsala ya Loweruka basi.

Werengerani thumba musanatsegule webusaiti ya nyumba ya Rightmove

Malipiro a aphunzitsi kuno ali m'magawo anayi: Inner London, Outer London, madera ozungulira London omwe amati Fringe, ndi England yense wotsalayo. Gawo lanu limatengera komwe sukulu ili, osati komwe inu mukugona. Mphunzitsi wa ku Newham kapena ku Barking and Dagenham, madera a mu London, amalandira za Inner London ngakhale atamakagona kunja kwa mzindawo, ku Essex. Masukulu a boma odziyendetsera okha, otchedwa academy, ali ndi ufulu wokonza malipiro awoawo, ngakhale ambiri amatsatira a boma, ndiye werengani bwino kalata yanu.

M'chaka cha sukulu cha 2025/26, mphunzitsi woyamba kumene kunja kwa London amayambira £32,916 pa chaka. Mukaisintha kukhala makwacha mutha kuvina, koma dikirani kaye. Akachotsa msonkho, National Insurance (ndalama ina yomwe boma limadula pa malipiro) ndi ya penshoni, m'manja mumatsala pafupifupi £2,100 pa mwezi. Lendi, magetsi, basi, chakudya ndi zotumiza kumudzi zonse zichokera pamenepo. Ndipo masukulu ambiri amalipira chakumapeto kwa mwezi, kutanthauza kuti Sepitembala yense mudya zomwe mwabwera nazo.

Maejenti ambiri a nyumba ali ndi kawerengedwe kawo: malipiro anu a pa chaka akhale osachepera lendi ya pa mwezi kuchulukitsa ka 30. Nyumba ya £900 ikufuna munthu wolandira £27,000. Ndi malipiro oyambira aja mutha kuvomerezedwa mpaka nyumba ya pafupifupi £1,100, koma kuvomerezedwa ndi ejenti sikutanthauza kuti mukwanitsa. Imeneyo ndi theka ndi kuposa la zolowa m'thumba.

Yang'anitsitsaninso timalemba tating'ono pambali pa mtengo. Akalemba pcm ndiye kuti pa mwezi, akalemba pw ndi pa sabata. Chipinda cha £200 pw si cha £800 pa mwezi monga ambiri timaganizira. Chulukitsani ka 52, gawani ka 12, mupeza pafupifupi £867.

Pamwamba pa lendi pali council tax, msonkho wa khonsolo womwe amalipira ndi wokhala m'nyumbamo osati mwini wake. Nyumba zinaikidwa m'magulu kuyambira A mpaka H potengera mtengo wake wa mu 1991, ndipo khonsolo iliyonse ili ndi mitengo yake, moti nyumba ziwiri zofanana, zolekanitsidwa ndi msewu umodzi, zitha kulipira mosiyana. Mukamakhala nokha amakuchotserani 25 peresenti, koma muyenera kupempha. Onjezani gasi, magetsi, madzi ndi intaneti. Musaiwalenso kuti pa visa ya Skilled Worker simuloledwa thandizo la boma la lendi kapena nyumba ya khonsolo.

Kwa munthu wobwera yekha, ine ndimati chaka choyamba atenge chipinda m'nyumba yogawana ndi ena, yoti mabilu onse ali kale mu lendi. Zipinda zoterezi zimapezeka kwambiri pa webusaiti ya SpareRoom. Mudzadandaula za mbale zosatsuka za anzanu, koma simudzadzidzimuka ndi bilu ya gasi ya Januwale.

Dera lisankhidwe ndi ulendo wa m'mawa

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Tsegulani mapu, ikani chala pa sukulu yanu, muone mabasi, masitima kapena ma tram omwe amafika pafupi. Madera oyenera kuwaganizira ndi okhawo omwe ali m'njira zimenezo. Ena onse, ngakhale atakongola bwanji, aiwaleni.

Mphunzitsi sangachedwe. Wa mu ofesi akachedwa amapepesa n'kukhala pa mpando wake, koma inu pali ana 30 omwe aima pakhomo la kalasi. Ambirife timafika cha m'ma 8 koloko kapena isanakwane. Ndiye mukamafufuza pa Google Maps kapena pa Citymapper, musafufuze masana a Lamlungu. Ikani tsiku la Lachiwiri, muuze kuti mukufuna kufika 7:45 m'mawa. Kenaka yendani ulendowo ndi miyendo yanu, pa nthawi yomweyo, musanavomere nyumba.

Nyumba yanga yachiwiri inandiphunzitsa zimenezi. Ndinaiona mu Julayi, dzuwa likulowa cha m'ma 9 koloko usiku, mitengo ili biriwiri, lendi yotsika. Pa mapu ulendo unali wa mphindi 50, mabasi awiri. Pofika Disembala dzuwa linkatuluka 8 koloko itadutsa n'kulowa 4 koloko isanakwane. Ndinkatuluka m'nyumba kuli mdima, n'kuima pamalo osinthira basi, mvula yowaza ija ikulowa m'kolala, chikwama cha makope a ana chitalemera paphewa. Basi yoyamba ikangochedwa mphindi zisanu, yachiwiri ndinkaiona msana ikukhota pakona, ndipo ina inkabwera patatha mphindi 20. Teremu imeneyo ndinakwera Uber kambirimbiri, moti ndalama yomwe ndinkati ndikupulumutsa pa lendi inathera momwemo. Kuyambira pamenepo lamulo langa ndi ili: chokwera chimodzi, osasintha, ulendo wosapitirira mphindi 40, ndipo pakhale njira ina yoti n'kudzera tsiku lomwe oyendetsa sitima anyanyala ntchito. Funsaninso za basi yobwerera usiku, chifukwa masiku okumana ndi makolo mumatuluka pasukulu cha m'ma 7 koloko kapena kupitirira.

Mtengo wa ulendo nawo uwerengedwe ngati mbali ya lendi. Ku London mtengo wa sitima umatengera ma zone, ndiye nyumba yotchipa ya ku Zone 6 itha kudya pa thiransipoti zomwe yakusiyirani pa lendi. Za galimoto musazidalire msanga. Laisensi ya ku Malawi kapena ku Zambia mutha kuyendetsera miyezi 12 yokha, kenaka muyenera kukhoza mayeso a kuno. Anzathu okhala ndi ya ku Zimbabwe kapena ku South Africa ali ndi mwayi, yawo amangosinthitsa.

Pafupi, koma osati pakhomo pa sukulu

Kwathu mphunzitsi amakhala m'nyumba ya pasukulu, ana amamudziwa mpaka nkhuku zake, ndipo palibe chachilendo. Kuno musayerekeze. Nyumba yanga yoyamba inali mphindi zisanu kuchokera pageti, ndipo ndinkadziyesa wochenjera. Sabata yachiwiri, Loweruka m'mawa, ndinatuluka kukataya zinyalala nditavala malaya ogonera ndi masilipasi, n'kumva mawu kuseri kwa msewu: "Sir! Sir!" Anali anyamata atatu a kalasi ya Year 9 pa njinga zawo. Pofika Lolemba kalasi yonse inkadziwa nambala ya khomo langa ndi mtundu wa masilipasi anga.

Kuseka kuli apo, nkhaniyi ili ndi mbali yolemera. Masukulu a kuno amasamala kwambiri za malire a pakati pa mphunzitsi ndi mwana. Mwana akayamba kugogoda pakhomo panu, ngakhale mwachibwana, ndi nkhani yoti mukanene kwa mkulu woona za chitetezo cha ana pasukulupo. Mwana amene mwamupatsa chilango Lachisanu asamadziwe zenera lanu. Funsani aphunzitsi anzanu madera omwe ana ambiri a sukuluyo amachokera, inu mukakhale kuseri kwa maderawo. Funso lomwelo lili ndi phindu lina: mudziwa komwe aphunzitsi ambiri amakhala, ndipo mwina mupeza wokutengani pa galimoto m'mawa.

Liyendeni deralo kawiri

Mukatsala ndi madera awiri kapena atatu, pitani masana, mupitenso usiku, makamaka Lachisanu. Msewu womwe uli zii 11 koloko m'mawa utha kukhala bwalo la gule pakati pa usiku. Ku Manchester, Fallowfield ndi dera la ophunzira a ku yunivesite. Zipinda zimapezeka, mabasi ndi ambirimbiri, koma iwo akamabwera kokasangalala inu mwatsala maola atatu kuti mudzuke. Mzinda uliwonse wokhala ndi yunivesite uli ndi Fallowfield wake.

Pa webusaiti ya apolisi ya police.uk mutha kulemba postcode, nambala ya keyala ya deralo, n'kuona milandu yomwe inanenedwa m'deralo. Zikuthandizani, koma musaweruze ndi manambala okha, chifukwa pomwe pali masitolo ambiri milandu imachulukanso. Imani pa siteji ya basi, muone ngati magetsi a mumsewu akuyaka, ngati amayi akuyenda okha, ngati inuyo mtima wakhazikika. Ndinenenso poyera: munthu wakuda amamva m'thupi ngati malo amulandira kapena ayi. Lowani m'sitolo ya pakona, gulani mkaka, muone mmene akuyankhirani.

Kenaka za m'mimba. Sitolo yotchipa ya Aldi kapena Lidl yofikako wapansi imapulumutsa ndalama zambiri kwa munthu wopanda galimoto. Ufa ndiye musaupeputse. Ku Manchester, m'madera ngati Longsight, Moss Side ndi Cheetham Hill muli masitolo a anthu a ku Africa ndi ku Asia komwe mumapeza ufa wa Iwisa kapena White Star, nyemba, therere ndi nsomba zouma. Sikuti mukhale komweko, koma basi imodzi izikufikitsani. Chimodzimodzi tchalitchi kapena mzikiti. M'miyezi ya mdima ija, kukhala pafupi ndi anthu oti n'kucheza nawo Lamlungu masana n'kofunika kuposa kukula kwa chipinda.

Amene mukubwera ndi ana, dziwani kuti malo m'masukulu ambiri a boma amaperekedwa poyang'ana kufupika kwa nyumba ndi sukulu. Imbirani khonsolo, mufunse masukulu omwe ali ndi malo m'kalasi ya mwana wanu, musanasankhe msewu.

Tsiku lokaona nyumba

Nyumba zimalengezedwa pa Rightmove, Zoopla ndi OpenRent, ndipo zabwino sizichedwa. Imbani foni, osangolemba uthenga, ndipo nenani msanga kuti ndinu mphunzitsi wa ntchito yokhazikika. Mawu amenewo amatsegula zitseko.

Mukalowa, yambani ndi mphuno. Mdani wamkulu m'nyumba za kuno ndi chinyontho. Nyumba zambiri ndi zakale, za njerwa, zomangidwa mondondozana, ndipo m'nyengo yozizira makoma amachita thukuta. Suzumirani kuseri kwa wadiropu, m'makona a kudenga, m'mphepete mwa mawindo ndi ku bafa. Timadontho takuda ndi nkhungu. Khoma limodzi lokha lopakidwa penti watsopano, ena onse ali akale, likubisa kanthu. Nkhungu imadya nsapato ndi masuti, imayambitsanso chifuwa, makamaka kwa ana.

Onani ngati mawindo ali a magalasi awiri. Funsani chomwe chimatenthetsa nyumba: ya gasi imatsikirako mtengo kusiyana ndi yodalira mahita a magetsi. Nyumba iliyonse ya lendi ili ndi chikalata chotchedwa EPC, chosonyeza mmene imasungira kutentha, kuyambira A mpaka G, ndipo mutha kuchiona nokha pa gov.uk polemba postcode. Lamulo limati isatsike kupitirira E, koma E yomweyo ndi nyumba yozizira. Mukapeza C, gwiritsitsani. Tsegulani mpopi wa madzi otentha, yesani shawa, onani ngati foni ikugwira netiweki m'chipinda chogona. Funsaninso za mita. Ina ndi yolipiriratu, ngati mayunitsi a ESCOM aja, ndipo ikatha usiku wa chisanu mumagona ndi jekete.

Ngati ndi nyumba yogawana, funsani kuti mukhala angati, mabafa ndi angati, ndipo anzanuwo amagwira ntchito zanji. Nyumba yokhala anthu asanu kapena kuposa, osakhala a banja limodzi, iyenera kukhala ndi laisensi ya HMO yochokera ku khonsolo. Pezani ngodya yoikapo tebulo, chifukwa makope muzichongera kunyumba. Ndipo ngati mwini nyumba akukhala momwemo, mukudyera khitchini imodzi, ndinu lodger: zimatchipa, koma chitetezo cha malamulo n'chochepa, atha kukutulutsani mosavuta, ndipo dipoziti yanu sakakamizidwa kuisungitsa kwina.

Mapepala

Landilodi aliyense ku England amakakamizidwa kutsimikiza kuti muli ndi chilolezo chokhala m'dziko. Mumalowa mu akaunti yanu ya eVisa, visa ya pa intaneti, n'kutenga share code, nambala yomwe landilodi amaonera chilolezo chanucho. Samalani, ya nyumba ndi yosiyana ndi ya ntchito yomwe munapereka kusukulu: ya nyumba imayamba ndi R, ya ntchito ndi W, ndipo imagwira masiku 90.

Vuto lenileni ndi loti mulibe mbiri. Simunakongolepo ndalama kuno, mulibe landilodi wakale wokuchitirani umboni. Ejenti atha kufuna guarantor, munthu wokhala ku UK wolonjeza kulipira inu mukalephera. Musanakavutitse m'bale wanu, pemphani sukulu ikulembereni kalata yonena udindo wanu, malipiro ndi tsiku loyamba ntchito. Iphatikizeni ndi kontirakiti. Malandilodi odziyendetsera okha nyumba, monga ambiri a pa OpenRent, amamva msanga kusiyana ndi makampani akuluakulu. Pali makampani omwe amakhala guarantor mukawalipira, koma imeneyo ikhale njira yomaliza. Kalata ya sukulu yomweyo ithandizanso potsegula akaunti ya ku banki.

Kulipira

Kwathu dobadoba amafuna yake musanaone n'komwe nyumba. Kuno lamulo la Tenant Fees Act la 2019 linaletsa zimenezo. Palibe ndalama yoonera nyumba, yolembera kontirakiti kapena yofufuzira mbiri yanu. Chomwe angapemphe poyamba ndi ndalama yogwirira nyumba, yosapitirira lendi ya sabata imodzi. Dipoziti isapitirire lendi ya masabata asanu. Pa nyumba ya £900 ija, yogwirira ndi pafupifupi £207, dipoziti £1,038. Dipozitiyo landilodi ayenera kuiteteza ku limodzi la mabungwe atatu ovomerezeka, Deposit Protection Service, mydeposits kapena Tenancy Deposit Scheme, pasanathe masiku 30, ndipo akupatseni umboni.

Kale obwera kumene ankauzidwa kuti alipiriretu miyezi isanu ndi umodzi. Lamulo la Renters' Rights Act la 2025, lomwe mbali zake zikuluzikulu zinaikidwa kuti ziyambe pa 1 Meyi 2026, linatseka khomo limenelo: lendi yolipiriratu isapitirire mwezi umodzi, ndipo kupikisanitsa anthu kuti awonjezere pa mtengo wolengezedwa n'koletsedwa. Linathetsanso makontirakiti omanga munthu chaka chathunthu, moti mutha kutuluka mutapereka notisi ya miyezi iwiri. Kwa ife alendo, amene nyumba yoyamba timailakwitsa kawirikawiri, mpumulo wake ndi waukulu.

Musanatumize ndalama, tsimikizani kuti mukulankhula ndi mwini wake. Pa webusaiti ya HM Land Registry, ofesi ya boma yolembetsako malo ndi nyumba, mumalipira £7 n'kuona dzina la mwini nyumba. Ejenti akhale membala wa The Property Ombudsman kapena Property Redress Scheme, mabungwe omva madandaulo okhudza maejenti. Lipirani kudzera ku banki, osati pamanja. Pemphani chikalata cha gasi, chomwe chimakonzedwa chaka ndi chaka, ndi cha mawaya a magetsi, cha zaka zisanu zilizonse. Mawu ena mu kontirakiti akakuzunguzani, mabungwe a Shelter ndi Citizens Advice amathandiza kwaulere. Safunsa anadya phula.

Tsiku lolowa

Musanamasule chikwama, tulutsani foni. Jambulani mita ya gasi, ya magetsi ndi ya madzi ngati ilipo, manambala aoneke bwino, muwatumize ku makampani ake tsiku lomwelo kuti musalipire ngongole ya amene watuluka. Dinani ma alamu a utsi mumve kulira. Akupatsani inventory, mndandanda wa katundu ndi mmene chilichonse chilili. Musasaine mongothamanga. Yendani nawo chipinda ndi chipinda, mujambule banga lililonse pa kapeti, mng'alu wa pa sinki, mkati mwa uvuni, pansi pa matiresi, ndipo zithunzizo muzitumize kwa ejenti pa imelo kuti tsiku lidziwike. Sabata yomweyo lembetsani council tax, mulembetsenso kwa dokotala wa m'dera lanu, ndipo mufunse aneba tsiku lotulutsa mabini ndi mtundu wa bini yomwe imatuluka sabata imeneyo.

Potuluka m'nyumba yanga yachiwiri, ejenti anafuna kudula dipoziti chifukwa cha chipsera cha ayironi pa kapeti ya kuchipinda. Ndinafukula imelo ya tsiku lomwe ndinalowa. Chipsera chija chinali pa chithunzi chachisanu ndi chiwiri, pambali pa sutikesi yanga yomwe inali idakali ndi kapepala ka ndege ka ku Lilongwe. Ndinaitumizanso imeloyo osawonjezera mawu, ndipo dipoziti inabwera yonse.